A Lumo Anakhalira Manja

Kalata yochokera ku ofesi ya thandizo la boma inafika Mayi a Mapasa ali kuntchito. Pobwera madzulo anaipeza pamwamba pa wailesi, itatsegulidwa kale, ndipo amuna awo anali khale pakhonde kuyang'ana nkhuku za aneba ngati akuziwerengera milandu.

Anaiwerenga ali chiimire, chikwama chidakali paphewa. Inali ya mawu ochepa. Inati dokotala wa ofesiyo wapeza kuti wopemphayo angathe kugwira ntchito, choncho thandizo la anthu odwala osatha kudzigwirira ntchito silimuyenera.

"Bambo a Mapasa, dokotala ameneyu ali ndi maso?"

"Ali nawo, ndi magalasi omwe."

"Ndiye manja anuwa sanawaone bwanji?"

Bambowo anakanda chibwano ndi phewa, nayankha motsitsa mawu. "Ndinawakhalira."

"Mwati?"

"Ndati ndinawakhalira. Ndinawaika kunsi kwa ntchafu. Dokotalayo kanali kamnyamata, msinkhu wa ana amene ndinkawameta atakhala pa thabwa. Kankandifunsa ngati ndimavala ndekha, ngati ndimadya ndekha. Inu mumafuna ndikayankhe kuti chiyani?"

Mayi a Mapasa anatsitsa chikwama pang'onopang'ono. Mawu amene anabwera kukamwa kwawo sanali oyenera kumva aneba, ndiye anawameza nalowa m'khitchini.

Amuna awowo anthu onse ankawatcha a Lumo. Anakulira ndi kukalambira pa ntchito yometa, m'kashopu ka pafupi ndi depoti ya mabasi, momwe munali mpando wozungulira, kalilole wong'aluka pakona ndi benchi imene anthu ankakangana za mpira ngakhale alibe tsitsi loti amete. Akamameta ndevu ndi lumo lopinda, munthu ankagona tulo pampando. Kenako dzanja lamanja linayamba kunjenjemera. Iwo anati ndi kutopa. Lamanzere nalo linatsatira. Tsiku lina anacheka khutu la mphunzitsi wina amene ankameta kwa iwo chiyambire unyamata wake. Mphunzitsiyo anangoseka, nati khutu lili ndi linzake, koma a Lumo anatseka shopu tsiku lomwelo ndipo sanaitsegulenso. Kuchipatala anati ndi matenda a mitsempha, mankhwala amangochepetsa, sachiritsa.

Kuchokera pamenepo nyumba yonse inatsamira pa Mayi a Mapasa, amene ankachapa ndi kusita nsalu za pabedi ndi matawulo pa hotela ina. Mapasawo, atsikana awiri, anali ku sekondale. Mankhwala, lendi, sukulu, zonse zinkayang'ana simbi imodzi.

Pa tsiku lawo lopuma anapita ku ofesi kuja okha. Pawindo loyamba anawauza kuti apite pawindo lachitatu. Windolo linali lotseka. Mlonda anati abwana ali ku msonkhano. Sabata yotsatira abwanawo analipo, koma anati chigamulo chikatuluka iwo alibe nacho mphamvu. Mayi a Mapasa anabwerera mapazi atatupa, mtima utatupa koposa.

Mnzawo wa pa simbi ndiye anawauza za ana a sukulu ya malamulo. "Mlongo wanga anamudulira thandizo la ana, ndi iwo anamumenyera nkhondo. Salipiritsa. Kungoti ndi ana, musakadabwe."

Analidi ana. Chipinda chawo chinali chapansi, kuseri kwa laibulale, chonunkha mapepala akale. Mafayilo anali m'makatoni, fani ya kudenga inali itaima, ndipo pabenchi panali anthu ofanana ndi amene Mayi a Mapasa ankakumana nawo pa mzere wa ku ofesi. Amene anawalandira anali awiri, mtsikana wamagalasi wolankhula mothamanga ngati akuthamangitsidwa, ndi mnyamata wamtali kwambiri amene tsitsi lake linkaoneka kuti linayambana ndi chipeso kalekale. Mumtima mwawo anawatcha Wamagalasi ndi Mtalimtali, ndipo maina amenewo anakhala.

Wamagalasi anamvetsera nkhani yonse osawadula, kenako anati, "Mayi, chigamulochi chingathe kutsutsidwa. Pali komiti yomva madandaulo, tingachite apilo. Koma nthawi yake ndi yochepa, yatsala pang'ono kutha. Tifunika lipoti la dokotala amene amawaona kuchipatala, tifunika bambo asayine, ndipo tsiku la mlandu adzafunika adzalankhule okha."

"Sindingakalankhule ine? Zonse ndimazidziwa ndine."

"Inu mudzalankhula ngati mboni. Koma wodwala ndi iwo."

Mphunzitsi wawo, loya wa imvi amene ankangoyendayenda kumbuyo ndi kapu ya tiyi, anaima nafunsa, "Mwiniwake akudziwa kuti mwabwera kuno?"

Mayi a Mapasa anayang'ana pansi.

"Muyambire pamenepo," anatero loyayo, kuuza ophunzira ake awiriwo.

Wamagalasi ndi Mtalimtali anabwera kunyumba Loweruka masana. A Lumo anavala shati yoyera, nawalandira mwaulemu ngati alendo a ku tchalitchi. Anamuyang'ana Mtalimtali kuyambira kumapazi mpaka kumutu, maso nakakamira pamenepo.

"Achimwene, amene anakumetani komaliza adakali moyo?"

Onse anaseka, ndipo Mayi a Mapasa anaganiza kuti zinthu ziyenda. Koma Wamagalasi anatsegula kope lake nayamba mafunso, limodzi pambuyo pa linzake, maso ali papepala. Kodi mumatha kumanga mabatani? Kodi supuni imafika kukamwa chakudya chisanatayike? Nanga posamba? Nanga mukapita kuchimbudzi, mumatha kudzithandiza nokha?

Chitseko cha kuchipinda cha atsikana chinali chotsegula pang'ono. A Lumo anachiyang'ana, kenako anaimirira.

"Mwanawe, kwanu kuli akuluakulu?"

Anatuluka, ndipo sanabwerere mpaka alendo atapita. Wamagalasi anatsala kukamwa kuli yasa. Mayi a Mapasa anawaperekeza mpaka pamsewu. Anali atakwiyira onse, mtsikanayo chifukwa cha kamwa lake lopanda mabuleki, amuna awo chifukwa cha khosi louma, ndi iwo eni chifukwa choitana anthu asanakonze njira.

Lolemba anapemphako nthawi kuntchito napitanso kuchipinda cha kuseri kwa laibulale chija. Anapeza loya uja akuwalankhula ana ake, ndipo sanasiye chifukwa cha iwo.

"Munthu si fayilo. Munapita kukatenga mayankho, simunapite kukamuona. Ndipo mumve bwino, mlanduwu ndi wake. Akakana, titseka, ngakhale titadziwa kuti tikanapambana."

"Sitingatseke," anatero Wamagalasi. Maso ake anali ofiira, koma mawu sanagwedere. "Ndalakwitsa ndine. Ndipitanso."

"Akakuthamangitsa?"

"Ndidzapitanso."

Mayi a Mapasa anamuyang'ana mtsikanayo mwatsopano. Nsapato zake zinali zodyeka kuchidendene ngati zawo zomwe.

Pamene ankadikira kuti mtima wa a Lumo uphwe, anawo sanakhale manja lende. Mtalimtali anatenga za kuchipatala. Dokotala wa mitsempha ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo akabwera mzere unkafika pakhomo lakunja. Mnyamatayo ankakhala pabenchi ya m'khonde ndi mabuku ake a mayeso, kuwerenga uku akuyang'anira chitseko, mpaka manesi anayamba kumupatsa moni ngati wodwala wawo wakale. Dokotalayo anati kulemba alemba, koma popanda chilolezo cha wodwala sangapereke kanthu. Zonse zinabwereranso kwa a Lumo.

Wamagalasi anabwera Lamlungu madzulo, wopanda kope. Mayi a Mapasa ankasita mayunifomu pafupi ndi windo ndipo anamva zonse. Mtsikanayo sanakhale pampando. Anakhala pa sitepe ya khonde, mmunsi mwa a Lumo.

"Bambo, ndinalakwa tsiku lija. Ndinakufunsani ngati ndikufunsa khoma. Pepani."

A Lumo anapitiriza kuyang'ana nkhuku za aneba.

"Sindinabwere kudzakunyengererani. Ndabwera kuti mudziwe mmene zimakhalira, kenako musankhe nokha. M'chipinda cha mlandu simudzakhala gulu. Mukhala anthu atatu a komiti, mmodzi wa ku ofesi, ife, ndi amene inu mwamulola. Mafunso ena ndi onyansa ngati anga aja, sindikunamizani. Koma ochuluka adzayankhidwa ndi lipoti la dokotala, inu simudzawatchula. Ndipo thandizoli si chifundo. Lili m'malamulo. Msonkho umene munkalipira pa shopu ija unkathandiza ena, tsopano yafika nthawi yanu."

"Wamaliza?"

"Ndamaliza, bambo."

"Uyende bwino. Kukuda."

Mtsikanayo anasiya mapepala awiri patebulo la pabalaza, nanong'oneza Mayi a Mapasa kuti Lachisanu likadutsa ndiye kuti chitseko cha apilo chatsekeka.

Mmawa uliwonse, ana asanadzuke, Mayi a Mapasa ankatseka chitseko cha kuchipinda n'kuwameta ndevu amuna awo. Anawaphunzitsa ndi amuna awo omwewo, kukoka khungu ndi chala, kutsata kumene ndevu zagonera. Lachitatu mmawa anameta tsaya limodzi, kenako anaika lumo m'beseni.

"Bambo a Mapasa, ine ndatopa."

"Malizani kaye, sopo akuuma."

"Sindikunena kumeta. Kumeta ndidzakumetani mpaka mmodzi wa ife adzaikidwe m'manda. Ndatopa kubisa. Tikubisira ndani? Anawa?"

"Mwana sayenera kuona bambo wake akumangidwa mabatani ngati khanda."

"Mukuganiza kuti sadziwa? Tiyi amene amakuthirirani amafika pati m'kapu?"

A Lumo anayang'ana kuchitseko chotsekedwacho.

"Amalekeza pakati. Anayamba chaka chatha. Palibe anawauza. Anapangana okha kuti angatayike n'kukuchititsani manyazi. Nyama amaidula tizidutswa isanafike patebulo, mumayesa ndi fasho yatsopano? Wamkulu uja anandiuza kuti akufuna kusiya sukulu akalowe ntchito m'sitolo. Ndinamukalipira, koma sindikudziwa kuti ndidzamukaniza mpaka liti. Anawa akukusungirani ulemu wanu ndi manja awiri. Inu mukuwasungira chiyani?"

Sopo anaumadi patsaya. Panja tambala wa aneba analira, ndipo kuchipinda kwina kunamveka mmodzi wa atsikana akufunafuna masilipasi.

"Malizani," anatero a Lumo pomaliza. "Mukatha mubweretse mapepala aja. Koma mutseke chitseko."

Kusayinako kunatenga nthawi. Cholembera chinkavina papepala, ndipo dzina linatuluka ngati njira ya nyerere. Anafuna kung'amba, koma Mayi a Mapasa anachotsa pepalalo msanga nalipinda m'chikwama.

Apilo inalowa nthawi isanathe. Lipoti la dokotala linatuluka, Mtalimtali nalibweretsa atalikulunga mu pulasitiki chifukwa kunali mvula. Kenako ana a malamulo aja ankabwera madzulo kudzayeserera za mlandu. Mtalimtali ankakhala wa ku ofesi, kufunsa mafunso okhadzula ndi nkhope yokwinya, mpaka a Lumo anamuuza kuti akapitiriza choncho sadzakwatira. Wamagalasi anaphunzira kudikira. Akafunsa funso ankatseka pakamwa, ngakhale bambowo atakhala chete nthawi yaitali. Anapezanso ndime ya lamulo imene inkati dokotala wa ofesi ayenera kumuyeza munthu, osati kungomufunsa, ndiponso ayenera kuona zimene achipatala analemba. Anawawerengera ndimeyo mokweza, nkhope ikuwala ngati watola chikwama pamsewu.

Tsiku la mlandu anakwera masitepe mpaka chipinda cha pamwamba, chokhala ndi tebulo lalitali ndi makatani ofumbira. Pakati pa a komiti panakhala mayi wonenepa, wapampando. Woimira ofesi anali bambo wa nkhope yotopa, mafayilo ataunjikana patsogolo pake, woonekeratu kuti milandu yotere anali nayo yambiri tsiku limenelo. Loya wa imvi anakhala kumbuyo kwa ana ake. A Lumo anakhala pakati, manja ali m'matumba a jekete.

Wamagalasi ataimirira, mawu ake oyamba anatuluka opyapyala, maso ali papepala. Koma mtsikanayo anaika pepalalo pansi, nakonza magalasi, nayambiranso. Anafotokoza ntchito ya a Lumo, matenda awo, zimene dokotala wa mitsempha anapeza, ndi zimene lamulo linkafuna koma sizinachitike.

Woimira ofesi sanatsutse lipotilo. Anangotsegula fayilo yake nati, "Apampando, ife tinatsata mawu a mwiniwake. Anafunsidwa ngati amavala yekha, anati inde. Ngati amadya yekha popanda vuto, anati inde. Ngati angabwerere kuntchito, anati mawa lomwe. Ofesi singakane zimene munthu wanena yekha za thupi lake."

Wapampando anatembenukira kwa a Lumo. "Bambo, munanena zimenezi?"

"Ndinanena."

"Zinali zoona?"

Mayi a Mapasa anafuna kuyankha, koma Mtalimtali anawagwira mkono pang'ono. Wamagalasi anaima chete, akudikira.

A Lumo anatulutsa manja m'matumba nawaika patebulo. Mphete yaukwati inayamba kugogoda thabwa, ta ta ta ta, osaleka. Madzi a m'tambula imene inali pafupi anayamba kugwedezeka.

"Zinali zabodza, mayi. Manjawa ndinawakhalira. Ine moyo wanga wonse anthu ankandipatsa khosi lawo, ine nditagwira lumo, iwo atatsinzina. Ndiye kuti ndiuze mlendo kuti supuni ikundikanika, zinandivuta. Mabatani a shati iyi wamanga ndi mkazi wangayu. Ndevuzi wameta ndi iye. Zina zimene amandichitira sindizitchula, zili m'pepala la adokotala. Ndikanatha kugwira ntchito simukanandiona kuno."

Woimira ofesi anatsokomola. "Pepani bambo, ndiyenera kufunsa. Kumeta ayi, tamva. Koma ntchito ina, monga ya ulonda kapena kugulitsa m'kashopu?"

"Apampando," anatero Wamagalasi, "tsamba lachiwiri la lipoti likuyankha zimenezo. Matendawa sali m'manja mokha. Miyendo imauma akaima nthawi, ndipo agwapo kale. Mayi ali pano angafotokoze."

Mayi a Mapasa anafotokoza. Ananena za tsiku limene anawapeza pansi kubafa, za ndalama zachitsulo zimene zimamwazika akafuna kulipira basi, za mankhwala amene amawagoneka masana. Ankalankhula akuyang'ana wapampando, chifukwa ankadziwa kuti akayang'ana amuna awo sakanatha kumaliza. Atakhala pansi anamva dzanja lonjenjemera likufunafuna lawo kunsi kwa tebulo.

Komiti inawatulutsa panja kuti ikambirane. M'khonde loya wa imvi anauza Wamagalasi kuti tsiku lina asadzaiwale kutchula nambala ya ndime asanaiwerenge. Atawaitananso, wapampando anati chigamulo cha ofesi chathetsedwa, a Lumo ayenera kulandira thandizo, kuyambira tsiku limene anapempha.

Pamasitepe Wamagalasi anakhala pansi navula magalasi, nalira ngati mwana. A Lumo anaima pambali pake, osadziwa chochita.

"Nanga ukulira chiyani, mwanawe? Tikanaluza bwenzi ukutani?"

"Bwenzi ndikulemba apilo ina," anayankha akupukuta mphuno.

Koma chigamulo ndi pepala, sichiphikidwa. Mwezi unatha, wina unayamba, thandizo osaoneka. Ku ofesi anati fayilo sinabwerere kuchokera ku komiti. Ku komiti anati inatumizidwa kalekale. Mayeso a ana a malamulo aja anali atayandikira, ndipo Mayi a Mapasa anachita manyazi kuwavutitsanso. Anali Wamagalasi amene anaimba foni yekha kufunsa ngati ndalama zalowa. Atamva yankho anati, "Mawa mmawa tikupita. Aphunzitsi alemba kalata yowakumbutsa kuti chigamulo cha komiti sichinyozedwa. Akapanda kumva, tikaonana kukhoti."

Mayi a Mapasa anayamba kuganiza zimene akanene kwa abwana awo kuti awalolenso kuchoka. Anali atapempha kambiri, ndipo nkhope ya abwanawo inali itayamba kusintha.

"Inu pitani kuntchito," anatero a Lumo. "Ndipita ndine."

"Nokha?"

"Ndi maloya anga."

Mmawa anawo anafika, maso ali ofiira ndi kuwerenga, mabuku ali m'manja. Anatsikira limodzi kumsewu onse anayi. Basi ya Mayi a Mapasa inali ya mbali ina, ndipo inayamba kufika ndi iyo. Atakwera anasuzumira pawindo. A Lumo anali pakati pa ana awiriwo, akuwalangiza ndi mawu okweza moti anthu a pa siteji ankatembenuka.

"Tikafika, pawindo ndilankhula ndine. Inu muime kumbuyo, muzioneka okwiya. Akati abwana kulibe, tikhala pabenchi. Akati tibwere mawa, tiwafunsa kuti amatsegula nthawi yanji."